Magetsi ayaka pa dashibodi, kodi angakhale makoswe?

Achimwene ena a ku Makawa anditumizira imelo, akuti galimoto yawo ya Toyota Sienta yakhala osayenda pafupifupi mwezi, itaima pafupi ndi kanyumba komwe amasungamo matumba a chimanga ndi usipa. Tsiku loiliza kagetsi ka injini kayaka, ka VSC (kothandiza kuti galimoto isaterereke pamsewu) nakonso, injini ikunjenjemera. Makaniko wawauza kuti agule ma sensa atsopano. Akufunsa ngati angakhale makoswe.

Achimwene, zitheka kwambiri, ndipo chonde musagule kaye kanthu.

Khoswe mano ake sasiya kukula nde amangofuna chotafuna, ndipo m'boneti ndi mwamdima, mobisika, mphepo ya mwera ya June ndi July siyifikamo, chakudya mwamuikira pafupi kale, angapitenso kuti? Tsegulani boneti injini itazizira, tochi ya foni m'manja. Yang'anani manyi akuda ang'onoang'ono ngati mpunga, timitu ta usipa, makoko a mtedza, nunkhizaninso ngati mukumveka mkodzo. Tsegulani bokosi la air filter, umu ndi momwe amakonda kumanga chisa, tinsanza ndi timapepala tikadzaza mpweya sudutsa bwino. Kenako londolani mawaya opita ku ma koyilo, ku ma injekita ndi ku sensa ya mpweya, muziwatembenuza ndi chala chifukwa nthawi zina pamwamba amaoneka abwinobwino koma kunsi kopa ali poyera.

Za VSC zisakuopseni, ma Toyota ambiri kagetsi ka injini kakayaka kamayatsanso kameneko.

Mukatero pitani kwa munthu wa makina a diagnosis (owerenga makhodi a mavuto a galimoto) pa boma. Amalumikiza pa soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero. Apa mpamene ndalama za anthu zimathera ndipo zimandiwawa: makina akalemba P0302 akungonena kuti silinda 2 siyikuwotcha bwino, P0102 akuti uthenga wa sensa ya mpweya ukufika wofooka, sakunena kuti sensayo yafa ayi. Waya woduka amabweretsa khodi yomweyo. Munthu amagula sensa yodula, kuika, kagetsi kali phee pomwepo, chonsecho vuto ndi kawaya kamodzi kolumidwa. Muuzeni makaniko ayeze mawaya ndi mita kaye, aonenso ma fyuzi. Ndipo asafufute makhodi musanawajambule pa foni.

Ngati kagetsi ka injini kakuphethira, osati kungoyaka, musayende nayo ulendo ngakhale wa pa Liwonde, petulo wosapsa amakawononga catalytic converter, chosefa utsi cha mu ekizozi. Kofiira ka oyilo kakayaka zimitsani pompo.

Pokonza, kupotokola mawaya nkukulunga tepi ine sindivomereza, kutentha kwathu kuno kwa October tepi imamatuka, galimoto nkuyambanso zake. Awotcherere bwinobwino, aike heat shrink, kapaipi kapulasitiki kamene kamakanirira pa waya akakatenthetsa. Fyuzi ikamapsa mobwereza osalowetsapo waya m'malo mwake, pali shoti penapake, mudzaotcha galimoto yonse.

Zikatheka sunthani galimoto kutali ndi matumba aja, lambulani udzu, muziiliza kawirikawiri, m'katimo musamasiye zakudya. Tcherani misampha pafupi ndi matayala. Tameki ayi, pakhomo pali ana ndi nkhuku, komanso khoswe akakafera mu njira ya eyakoni mudzachita kumasula dashibodi kuti mumupeze. Mukajambula makhodi aja nditumizireni pamodzi ndi chithunzi cha mawayawo tione limodzi.