Kodi chithandizo cha majini chingamupumitse mchimwene wanga pa mankhwala oletsa thupi kukana mapapo?

Mayi wina wandilembera imelo. Mchimwene wake anaikidwa mapapo a munthu wina ku Johannesburg, tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana mapapowo, yayamba kumuwononga impso, ndiye akufunsa komwe angakalandire chithandizo cha majini (ma gene, malangizo achibadwa a m'maselo a thupi) kuti asiye mankhwalawo.

Mayi, kulibe komwe angapite, ndipo olemba nkhani zimenezi pa intaneti amandikwiyitsa chifukwa amabisa mfundo yaikulu. Chithandizo chimene ofufuza akuyesa sichiperekedwa kwa wodwala. Chimaperekedwa kwa mapapowo asanalowe m'chifuwa mwake.

Mapapo akachotsedwa mwa womwalira, nthawi zina amaikidwa m'makina otchedwa EVLP. Makinawo amapopera madzi apadera otchedwa Steen m'mitsempha pa madigiri 37, pamene ventileta ikuwapumitsa. Mu 2009 gulu la Shaf Keshavjee ndi Marcelo Cypel ku Toronto linatenga mapapo a anthu amene madokotala anali atawakana, n'kuthiramo, kudzera m'kapaipi ka bronchoscope, kachilombo ka adenovirus kofooketsedwa. Kachilomboko kananyamula jini yopanga IL-10, puloteni yoziziritsa kutupa. Patatha maola 12, mapapowo ankalowetsa okosijeni bwino kuposa amene sanathiridwe. Koma sanaikidwe mwa munthu aliyense.

Adenovirus ili ndi msampha wake. Jini imene yabweretsa imazilala pakangopita masabata ochepa, komanso kachilomboko pakokha kamadzutsa chitetezo cha thupi. Mu 1999 mnyamata wa zaka 18, Jesse Gelsinger, anamwalira ku Pennsylvania atabayidwa adenovirus yambiri pa kafukufuku wa matenda a chiwindi. N'chifukwa chake kuthira pamakina kuli bwino: chiwindi cha wodwala sichikumana ndi kachilomboko mwachindunji. Komabe IL-10 ya masabata ochepa imangothandiza pa kuwonongeka kwa masiku atatu oyamba mapapo ataikidwa mwa munthu. Chimene chimapha anthu ambiri ndi kukana kwa pang'onopang'ono kotchedwa CLAD, pamene tinjira ta mpweya timatsekeka ndi zipsera, ndipo kumagwira pafupifupi theka la odwala pofika zaka zisanu. Mapapo amakanidwa kwambiri kuposa impso chifukwa amakumana ndi fumbi, utsi ndi tizilombo pa mpweya uliwonse.

Kwa ine, ntchito ya ku Hannover ku Germany ndiyo yopatsa chiyembekezo. Kumeneko anagwiritsa ntchito kachilombo kena kotchedwa lentivirus kuchepetsa zizindikiro za MHC, zimene chitetezo chimazindikira nazo mlendo, ndipo nkhumba zina zinakhala ndi mapapo otere pafupifupi zaka ziwiri zitasiyitsidwa mankhwala. Nkhumba, mayi, osati anthu.

Nanga mchimwene wanuyo?

Asadumphe tacrolimus ngakhale kamodzi, ndipo magazi oyezera mlingo wake azitengedwa asanamwe wa m'mawa. Za impso akauze madokotala omwe anamuika mapapo. Nthawi zina amatsitsa tacrolimus n'kuwonjezera mankhwala ena otchedwa everolimus. Apewe brufen ndi diclofenac, asadyenso chipatso cha grapefruit chifukwa chimakweza mlingo wa tacrolimus m'magazi. Akapezeka ndi TB asayambe rifampicin asanafunse kumeneko, chifukwa imagwetsa tacrolimus m'magazi mpaka thupi kuyamba kukana mapapo. Kutentha pamtima asakunyozere, asidi akamakwera kukhosi amalowa m'mapapo. Aziuzira m'kamakina ka spirometer tsiku lililonse n'kulemba m'kabuku, ndipo FEV1, mpweya umene amatulutsa pa sekondi yoyamba, ikatsika ndi 10 peresenti kwa masiku awiri aimbe foni kuchipatala.