Ndikamadzichepetsa anzanga akunditola, nditani?

FUNSO

Abusa, ine ndine mayi wa ana awiri, miyezi inayi yapitayo anandikweza pantchito kukhala supavaiza wa anthu 8 omwe kale timagwira nawo limodzi. Poti ndine Mkhristu ndinalonjeza mumtima kuti sindikhala bwana wodzimva, moti wina akachedwa ndimangomugwirira ntchito yake osanena kanthu, wina akajomba ndimamubisa kwa akuluakulu, koma pano zafika poti awiri akumabwera nthawi imene afuna ndiye ine ndikumaweruka usiku kukapeza ana atagona kale. Ndikati ndiwadzudzule mtima umandiuza kuti wayamba matama. Kodi kudzichepetsa kwake ndi komweku?

Mayi wothedwa nzeru

YANKHO

Mayi, mtima wanuwo ndi wabwino ndithu, ambiri akangokwezedwa ndi moni yemwe amasintha tsiku lomwelo. Koma ndikuuzeni mosabisa, zimene mukuchitazi mbali ina ndi mantha oti anzanu akale angakudeni, ndipo mantha amenewa amafanana kwambiri ndi kudzichepetsa moti munthu umatha kudzinamiza nawo zaka.

Tsegulani Yohane 13. Tonse timakumbukira beseni ndi nsalu yopukutira ija, koma vesi 3 timakonda kuidumpha, pamene pakunenedwa kuti Yesu ankadziwa kuti Atate apereka zonse m'manja mwake, ndiye kenako ndi pamene anadzuka n'kuyamba kusambitsa mapazi a ophunzira. Anagwada akudziwa bwino kuti iye ndi ndani. Petulo atakana kusambitsidwa sanamunyengerere, anamuuza pamaso kuti akapanda kumusambitsa ndiye kuti alibe gawo ndi iye, ndipo atamaliza anakhalanso pamalo pake n'kuwauza kuti akamamutcha Mphunzitsi ndi Ambuye akulondola. Udindo sanausiye m'beseni muja ayi.

Ine amene amandifika pamtima pa nkhani ngati yanuyi ndi Nehemiya. Anakhala bwanamkubwa wa Yuda zaka 12 osatenga chakudya chimene anthu ankayenera kupereka kwa bwanamkubwa, chifukwa anaona kuti anthuwo ali kale pa mavuto, ndipo ntchito yomanga linga la Yerusalemu anaigwira nawo. Koma m'mutu 5 womwewo munthu yemweyu anaitanitsa msonkhano waukulu n'kudzudzula akuluakulu amene ankakongoza abale awo mwa katapira mpaka kuwalanda minda, sanasiyire pomwepo, anawalumbiritsa kuti abweze. Zonse ziwirizi zinkachoka mumtima umodzi, womvera chisoni amene akusenza katundu wolemera.

Ndiye tayang'anani amene akusenza pa ofesi yanupo. Pali anthu 6 amene amafika nthawi yake tsiku lililonse ndipo akuona zonse, akuona kuti wojomba ndi amene akusamalidwa. Palinso ana anu kunyumba. Ngakhale awiri mukuwabisawo simukuwathandiza, tsiku limene akuluakulu adzatulukire adzachotsedwa popanda amene anawachenjeza, komanso tisaiwale kuti kubisa kumeneko ndi kusakhulupirika kwa amene anakupatsani udindo.

Chitani monga Mateyu 18:15 akunenera, munthu amayamba wadzudzulidwa muli awiri. Aitaneni mmodzimmodzi pambali, osati pa gulupu ya WhatsApp kapena pamaso pa anzawo. Yambani ndi kufunsa, mwina wina akudwazika, mwina ndi thiransipoti, ngati lilipo vuto lenileni muone pamodzi mmene mungasinthire shifiti. Kenako nenani zanu, kuti ndinalakwitsa pokhala chete nthawi yonseyi, kuyambira mawa nthawi yofika ndi iyi ndipo sindidzabisanso munthu. Mawu oti ndinalakwitsa akuwawani kuposa kugwira ntchito ya anthu awiri, ndikudziwa, koma musawadumphe.

Mwina akwiya n'kuyamba kunena kuti mwasintha, asiyeni anene. Inu pitirizani kuwapatsa moni poyamba, ntchito ikayenda bwino tchulani mayina awo kwa akuluakulu, tsiku limene yachulukadi pindani malaya muthandizane nawo, ndipo nthawi yoweruka ikakwana muzipita kwa ana anu.