Magazi a m'filimu: tikatenge a mbuzi kumsika?

FUNSO: Ndife gulu la zisudzo, ndipo tikujambula filimu yoopsa ndi foni. Pali gawo lina pomwe munthu akukhapidwa ndi chikwanje pamkono. Tinayesa tomato sosi, koma aliyense amene tamuonetsa akungofa ndi phwete. Mnzathu wina akuti tikapemphe magazi a mbuzi kwa opha nyama. Titani akulu? — Wowerenga wa ku Mulanje

YANKHO: Achimwene, magazi a mbuziwo asiyeni kumsika komweko. Sachedwa kuundana, padzuwa amanunkha, ntchentche zimadzaza, ndipo akalowa pakachilonda kenikeni ka wosewera angamupatse matenda. Tomato sosi akukuchititsani manyazi chifukwa ndi wofiira mowala kwambiri. Magazi enieni ndi oderako, ndipo akamayenderera, khungu limaonekabe pansi pake.

Dick Smith, katswiri wa ku America amene anakonza nkhope zoopsa mu filimu ya The Exorcist ya 1973, ankapanga magazi ake ndi manyuchi a chimanga. Inu gulani manyuchi a shuga otchedwa golden syrup m'sitolo. Pa kapu imodzi thirani utoto wofiira wa makeke mpaka ufiire ndithu, kenako kadontho kamodzi kokha ka utoto wabuluu ndi kasupuni ka ufa wa koko. Kamodzi kokha, ndikubwereza, chifukwa buluu akachuluka munthu wanu akha magazi a mtundu wa mabilinganya. Ofunika kuyenderera muwasungunule ndi madzi pang'ono. Apamalaya, oti apita maola, muonjezere koko, poti magazi akauma amakhala oderera, osati ofiira.

Musakhulupirire diso lanu, khulupirirani kamera. Mu filimu ya Psycho ya 1960 magazi amene anaoneka m'bafa anali manyuchi a chokoleti, chifukwa filimuyo inali yopanda mitundu ndipo ofiira sakanaoneka bwino. Pakani pamkono, jambulani pamalo ndi nthawi yomwe mudzajambulire, muone pafoni.

Bala ndiye losangalatsa kupanga. Kandani vaselini ndi fulawa mpaka zikhale ngati dothi loumbira mbiya, musakanize koko kapena phauda wa amayi kuti zifanane ndi khungu la wosewerayo. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: bala loyera pamkono wakuda limaonekera patali kuti ndi lomata. Matani, salazani m'mbali ndi chala chonyowa, ng'ambani pakati ndi chogwirira cha supuni, osati lezala. Mkatimo muyambe mwapaka zakuda, magazi pamwamba. Jambulani m'mawa, chifukwa dzuwa la Okutobala limasungunula vaselini, ndipo nyerere nazo zimaukonda shuga.

Chikwanje chikhale chathabwa chopentedwa. Semani kachigawo kozungulira pamene pali kuthwa kwake kuti mkono ulowemo, chidzaoneka ngati chazama m'mnofu. Chenicheni chisayandikire wosewera.

Popeza muli ku Mulanje, ndikupempheni chimodzi. Mukukumbukira za mphekesera za anamapopa mu 2017, pomwe anthu anaphedwa kumeneko ndi maboma oyandikana nawo pongoganiziridwa chabe. Anthu akaona gulu la anyamata lili ndi chigubu cha magazi m'thengo madzulo, palibe amene adzayambe wafunsa ngati ndi shuga. Kaonaneni ndi amfumu, dziwitsani apolisi ndi a chitetezo cha m'mudzi, ndipo anthu oyandikira muwaitane adzaonerere pamene mukusakaniza.