Funsani Amalume: Laisensi ndili nayo, koma aliyense akufuna zaka zitatu

FUNSO

Amalume, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Chaka chatha mayi anga adagulitsa mpunga wawo wa kusikimu ya Domasi kuti ndikaphunzire galimoto, ndipo ndidapeza laisensi ya C1 pamodzi ndi PrDP ya katundu, chilolezo chogwirira ntchito ya udalaivala. Ndasiya makalata kumakampani asanu ku Blantyre, koma onse akuti akufuna munthu amene wayendetsapo zaka zitatu. Nanga zaka zitatuzo ndizitenga kuti poti palibe wondipatsa kiyi? Mnzanga wina akuti akudziwa munthu amene angandilembere kalata yoti ndidagwirapo ntchito kwinakwake, bola ndimupatse kangachepe. Mtima wanga uli pa hosi ndi thirela, maulendo a ku Beira. Ndichite bwanji?

Wodandaula, Chinamwali

YANKHO

Mphwanga, za kalata yogulayo usayerekeze. Ndi mlandu, koma ngakhale apolisi atapanda kudziwa, ntchitoyo ikakuulula yokha tsiku loyamba. Kampani yolongosoka ikakuitana sichulutsa mafunso. Amakupatsa kiyi, foromani n'kuima poteropo manja ali kumbuyo, n'kunena kuti bwerera chambuyo, thirela ilowe pakati pa migolo iwiri iyo. Munthu amene sadabwezepo thirela amadziwika asanayende mamita asanu. Akapotoza chiwongolero kumanja thirela imathawira kumanzere, iye n'kumalimbana nayo mpaka hosi ndi thirela zitapindana ngati chigongono. Ndipo madalaivala timadziwana. Nkhani ikachitika ku Makata m'mawa, dzuwa likamalowa yafika kale ku Kanengo, dzina lako lili pomwepo.

Dziwanso kuti C1 yakoyo imalekeza pa galimoto ya makilogalamu 16,000. Yoposa pamenepo imafuna C, ndipo hosi ndi thirela imafuna EC. Choncho ku Beira sikudafike, ngakhale kalatayo ikadakhala yoona.

Tsono ndikuuze chifukwa chimene mabwanawo amaumirira pa zaka, poti ine ndidachiphunzira ndi thukuta.

Mu 1996 ndidali asisitanti palole yotuta mitengo ya paini m'phiri lathu lomweli. Laisensi ndidali nayo, yatsopano ngati yakoyi, ndipo mumtima ndinkati palibe chondisiyanitsa ndi adalaivala anga, bambo wachikulire wa ku Malosa amene sankayankhula kawirikawiri. Tsiku lina titapakira adati, “Lero utsitse ndiwe.” Ndidanyamuka mosangalala, giya ili pamwamba, phazi lili pabuleki osachotsa. Makona awiri oyambirira ndidadutsa bwinobwino. Pa kona yachitatu mudalowa fungo m'kabini, ngati la mphira ukamapsa. Ndidaponda, galimoto osamva. Ndidapondanso mpaka mwendo kunjenjemera, koma liwiro likungowonjezeka, mitengo kumbuyo ikukankha. Tawuni yonse ya Zomba inkaoneka kumunsi uko, malata akungonyezimira. Achikulire aja sadakuwe. Adangogwira chiwongolero ndi dzanja limodzi n'kuikhulitsa galimoto kukhoma la phiri mpaka idaima, galasi la mbali imodzi litathyoka.

Titatsika, utsi unkatuluka m'mawilo akumbuyo. Ndidathamangira chigubu cha madzi, iwo n'kundigwira mkono. Adati chitsulo chotentha chotero ukachithira madzi chimang'aluka. Tidakhala pamwala ola lathunthu kudikira kuti azizire, ndipo mawu okhawo amene adandiuza ndi awa: “Giya imene wakwerera phiri, utsikenso nayo yomweyo.” Buleki ukamaiponda mosalekeza imatentha n'kusiya kugwira. Pamtsetse, galimoto yolemera imagwidwa ndi injini, buleki imangothandizira. Kusukulu adandiuzapo zimenezi, ndithu adandiuza, koma zidalowa m'mutu tsiku limenelo. Mpaka lero ndikamatsika ku Thabwa kulowera ku Chikwawa kapena ku Chiweta kumpoto, fungo lija limandibwerera ndisanafike pakona yoyamba.

Mwini galimoto akamati zaka zitatu, akufunsa ngati udakumanapo ndi tsiku ngati limenelo uli ndi katundu wochepa komanso munthu wamkulu pambali. Sangakuyesere pa matani 30 a shuga wa ku Nchalo.

Zakazo zili konkuno ku Zomba, mphwanga, sizili ku Blantyre. Anthu a malole a matani atatu kapena asanu ndi awiri, otuta mchenga, njerwa ndi miyala ya kwale, salengeza ntchito munyuzipepala. Amalemba munthu amene amamuona tsiku ndi tsiku. Amahadiweya ndi mashopu ogulitsa zinthu mopikulitsa amafuna wowaperekera katundu ku Jali, ku Mayaka, ku Chingale. Nyengo yokolola, kuyambira mu Epulo, pamakhala chimanga ndi fodya wopita kuokushoni ku Limbe, kenako nandolo, ndipo dalaivala mmodzi sakwanira. Malipiro ake ndi ochepa, sindikunamiza, ena mwa mabwanawo amachedwetsanso. Koma msewu wafumbi wa ku Chingale mvula itagwa udzakuphunzitsa kilatchi ndi magiya kuposa phula la M3 chaka chathunthu.

Apa ndiye pamene anyamata ambiri amataya zaka zawo. Amayendetsa zaka ziwiri kwa munthu, n'kuchoka opanda kapepala kalikonse, kenako kukampani n'kumalumbira pakamwa. Iwe gula kope lachikuto cholimba. Ulendo uliwonse lemba tsiku, nambala ya galimoto, kumene wapita ndi kulemera kwa katundu, ndipo mwezi ukatha mwini galimoto asayine. Pochoka chokani bwino, umupemphe kalata yokhala ndi nambala yake ya foni, chifukwa amakampani amaimbadi. Ine kope langa loyamba ndikadali nalo, lothimbirira ndi girizi, ndipo ndi limene lidandilowetsa pathiraki yaikulu.

Mwayi wokhala asisitanti pa hosi ndi thirela ukapezeka, usaunyoze poti uli ndi laisensi. Kumeneko n'kumene udzaphunzire kukunga lona kuti isang'ambike ndi mphepo, kumanga malamba, ndi kuyala katundu. Pasikelo ya ku Balaka kapena ku Mwanza sayang'ana kulemera kwa galimoto yonse kokha, amayeza ekiselo iliyonse, moti matumba ukawaunjika kutsogolo ulipitsidwa ngakhale matani ako ali okwanira. Udzaona mmene mapepala amayendera pachipata cha Mwanza ndi Zobue, udzadziwa kuti ku Tete mathiraki amawolokera pamlatho wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014, ndiponso udzatolako Chipwitikizi chopatsira moni wapolisi. Pasipoti ukhale nayo msanga. Ndaonapo anyamata akusiyidwa pageti chifukwa cha chimenechi chokha. Uku ukusunga pang'onopang'ono ndalama ya laisensi ya C ndi EC, ndipo ukapite wekha ku Road Traffic, osadzera mwa madobadoba.

Pali chinthu chimodzi chimene ungayambe mawa, ngakhale pagalimoto yobwereka. Usanalize injini, izungulire. Ona oyilo ndi madzi, gogoda tayala lililonse, gwira manati a mawilo, yesa magetsi onse. Ngati ndi ya mabuleki a mpweya, tulutsa madzi m'mathanki ndipo usanyamuke geji isanakwere. Mabwana amaona zimenezi ali pawindo la ofesi, iwe osadziwa.

Za matola ndi kupopa dizilo anzako adzakuuza kuti aliyense amatero. Masiku ano mathiraki ambiri ali ndi zida zouza bwana pamene waima ndi mphindi zimene wakhalapo. Komanso ukachita ngozi utanyamula anthu pamwamba pa katundu, mlandu wonse ndi wako. Tulo nato usalimbane nato. Maso akayamba kulemera pa Namadzi, ima pamalo owala ugone, Blantyre uipeza.

Mayi akowo uwauze zoona, kuti mpunga wawo sudapite pachabe koma Beira itenga zaka zingapo. Lolemba udzuke m'mamawa, uvale nsapato zotseka, utenge mafotokope a laisensi ndi PrDP, upite pamene amaima malole a hayala pafupi ndi msika waukulu. Upereke moni kwa madalaivala achikulire, ndipo wina akapeza hayala ya mchenga ku Likangala, umupemphe upite naye, fosholo unyamule ndiwe. Ukapeza malo undilembere, undiuze kuti galimotoyo ndi ya matani angati.

Amalume