Chitsulo cha mpeni chili pagalaja, achimwene

Achimwene, ndaona funso lanu loti mipeni imene mukusula ikubuntha msanga, mukangodula nyama kawiri basi yafuna kunola, ndipo mukufuna kudziwa kumene mungapeze chitsulo cha kaboni wambiri popanda kuitanitsa kunja. Kaboni ndi chinthu cha m'chitsulo chimene chimachititsa kuti chilimbe chikawotchedwa n'kuviikidwa m'madzi kapena m'mafuta. Mwati mwakhala mukugwiritsa ntchito mafulati baa ogula kuhadiweya. Vuto ndi lomwelo, si manja anu ayi.

Zitsulo zimene amawelda amapangira mageti ndi mabeglabaa zili ndi kaboni wochepa kwambiri, pafupifupi 0.2 peresenti kapena kutsika apo. Chitsulo chotere mungachiwotche mpaka kufiira n'kuchiviika m'madzi kakhumi, sichilimba moti n'kusunga kuthwa. Mpeni umafuna kaboni woyambira cha m'ma 0.5 kufika pa 1 peresenti. Ma Y12 omangira nyumba nawonso asiyeni. Amasungunula zitsulo zosiyanasiyana popanga, ndiye ndodo ina ilimba, inzake ikana, simungadalire.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi masipuling'i a galimoto, aja osanjikizana a kumbuyo kwa pikapu, minibasi kapena lole yaing'ono. Ambiri ndi a chitsulo cha mtundu wa 5160 kapena abale ake, kaboni wake ali cha m'ma 0.6 peresenti, muli ndi kolomiyamu pang'ono. Chitsulo chimenechi chimakhululuka. Mukachiwotcha mopyola pang'ono sichikulangani nthawi yomweyo, ndipo mpeni wake suthyoka wamba. Cha zikwanje, nkhwangwa zazing'ono ndi mipeni ya kubutchala ndi chimenechi. Ngati muli ku Blantyre, pitani mumsika wa Ndirande kumene amagulitsa masipeya akutha. Ku Lilongwe yendani m'magalaja a ku Biwi ndi cha ku Malangalanga. Koma ngakhale pa boma laling'ono, paliponse pamene pali makaniko wokonza maminibasi, kuseri kwa shedi yake kuli mulu wa masipuling'i. Musakafunse kuti "muli ndi 5160?" chifukwa akuyang'anani ngati mwasokonekera mutu. Ingonenani kuti mukufuna masipuling'i akutha. Ndipo musaonetse kuti mwawafunitsitsa, mtengo umakwera ukaona nkhope.

Pano ndiye mumvetsetse. Sipuling'i yothyoka musagule, ngakhale akupatseni motchipa. Ine zinandionekera. Ndinatenga yothyoka pakati pagalaja ina, ndikuti nditaya mbali yothyokayo, kotsalako n'kwabwino. Ndinasula masiku awiri mpeni wautali wosendera chikopa, ndinaupala bwinobwino mpaka kuwala. Nditauviika m'mafuta ndinangomva kuti "ting", kaphokoso kakang'ono ngati supuni yagunda kapu. Kuupukuta, mng'alu wonga tsitsi kuchokera kukuthwa mpaka kumsana. Sipuling'i imene yathyoka pamsewu imakhala itatopa thupi lonse, ili ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Ndi misewu yathuyi komanso mmene timapakirira katundu, zotopa n'zambiri. Sankhani imene yachotsedwa chifukwa galimoto inachita ngozi kapena inafa injini. Ipukuteni dzimbiri ndi galayinda muione, makamaka pafupi ndi bowo la pakati. Yomwe ili ndi maenje akuya a dzimbiri isiyeni. Mukapeza yabwino, gulani mpukutu wonse wa galimoto imodziyo, osati tsamba limodzi pano lina uko. Mukatero mudzaphunzira khalidwe la chitsulo chimodzi, ndipo zimene mwapeza pa mpeni woyamba zidzagwiranso pa wachikhumi.

Chachiwiri ndi tupa wakutha. Matupa akale abwino ali ndi kaboni wofika 1 peresenti kapena kupitirira, ndipo mpeni wake umathwa mochititsa mantha, wabwino kukhitchini kapena posema. Funsani akalipentala, onola masowo ndi amawelda achikulire, amakhala nawo m'mabokosi atatha mano. Koma matupa ena otchipa a masiku ano analimbitsidwa khungu lokha, mkati ndi chitsulo wamba. Mukapala mano aja mwataya zonse. Komanso musanasule tupa, palani mano onse athe, apo ayi mzere uliwonse wa mano umasanduka poyambira mng'alu.

Mabering'i akuluakulu a lole, chingerengere chakunja chija, nthawi zambiri ndi chitsulo cha mtundu wa 52100, kaboni pafupifupi 1 peresenti. Mpeni wake ndi wapamwamba koma pansi pa hamala n'cholimba zedi, ndipo chimakwiya mukachiwotcha mopyola. Chisungeni mudzachiyese mukazolowera. Madisiki a thalakitala olimira aja ndi amene osula ambiri kumudzi amapangira makasu ndi zikwanje, akupezeka m'maesiteti, ndi abwino pa ntchito zokhapa. Masowo akale a makina ochekera matabwa nawo ndi chuma, makamaka kwa amene ali kufupi ndi Chikangawa, chifukwa ndi opyapyala kale, simuvutika kusula, mumangodula ndi kupala. Koma aja okhala ndi timano towotcherera kunsonga, thupi lake nthawi zina si lolimba, muyese kaye.

Za njanji ndinene mwachidule: musayandikireko, ndipo wina akakubweretserani zitsulo zochotsa panjanji kapena pamlatho mukane. Ndi mlandu, komanso zimapha anthu. Mapaipi ndi zitsulo zokutidwa ndi zinki musaziike pamoto, utsi wake umadwalitsa.

Tsopano kuyesa, chifukwa chitsulo chotola sichibwera ndi chikalata. Choyamba chigunditseni pagalayinda pamalo a mthunzi. Chitsulo wamba chimatulutsa mbaliwali zazitali zowongoka, zongophulika apo ndi apo. Cha kaboni wambiri mbaliwali zake zimaphulika nthambinthambi ngati maluwa a udzu. Khalani ndi kachidutswa ka fulati baa ndi tupa wakale pambali, muziyerekeza, maso amaphunzira msanga. Koma mayeso enieni ndi awa. Dulani kachidutswa kotalika ngati chala, kasuleni kapyapyale ngati mpeni. Kawotcheni pamakala mpaka maginito asiye kukagwira, zimene zimachitika cha pa madigiri 770, ndiye muonjezere moto pang'ono chabe. Maginito a sipika yakufa ya wailesi akukwanira. Ena amawaza mchere wa kukhitchini, chifukwa umasungunuka pa madigiri 801, ndipo ukasungunuka ndiye kuti mwafika. Kaviikeni m'mafuta. Kakazizira kapaleni ndi tupa: tupa akamaterereka ngati pagalasi osaluma, chalimba. Kenako kamangeni pavayisi, phimbani ndi chisanza, valani magalasi, kamenyeni ndi hamala. Kakapindika, chitsulocho mupangire mahinjesi. Kakathyoka kuti phwa, yang'anani pothyokapo. Pakakhala posalala potuwa ngati ufa woyera, zonse zili bwino. Pakakhala timibulu tonyezimira ngati shuga, chitsulo n'chabwino koma mwachiwotcha mopyola. Zimenezi muzichita madzulo kapena m'chisakasa, chifukwa padzuwa chitsulo chimaoneka chakuda chili chotentha kale kwambiri, ndipo ambiri amapsereza pamenepo.

Mafuta ake, ndikudziwa kuti ophikira afika podula ndipo mayi a kunyumba sangakumvetseni, koma malita awiri kapena atatu a mpendadzuwa mugwiritsa ntchito chaka chonse. Afunditseni kaye poponyamo kachitsulo kotentha. Oyilo wakuda wa injini amagwira ntchito, ambiri amagwiritsa, koma utsi wake ndi woipa ndipo amayaka msanga. Madzi pa sipuling'i ayi, mudzamva "ting" uja.

Musanalimbitse mpeni weniweni, uwotcheni kufika pomwe maginito asiya, muusiye uzizire pamphepo, katatu. Zimachotsa kutopa kwa hamala ndi kusalaza mkati mwa chitsulo. Mukafuna kuti ufewe kuti muboole mabowo a chigwiriro, ukwirireni m'phulusa lotentha ugone usiku wonse. Ndipo mukauviika m'mafuta musaugwiritse ntchito pomwepo, ukadali ngati galasi. Uikeni mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri, kawiri. Ngati uvuni mulibe, kapena magetsi achita zawo zija, upaleni uwale, ikani msana wake pachitsulo chokhuthala chotentha, muziyang'ana mtundu ukuyenda kupita kukuthwa. Kukuthwa kukafika mtundu wa udzu wouma, chotsani muuziziritse. Kukafika buluu mwapyola, wafewa.

Wina wakulangizani kuti muitanitse chitsulo ku Joni. N'zoona, ku South Africa amagulitsa mafulati atsopano a mipeni monga 1070, 5160, O1 ndi N690, ndipo ngati muli ndi m'bale wobwera pabasi angakunyamulireni. Ubwino wake mumadziwa chimene mwagwira. Koma N690 ndi chosachita dzimbiri, chimafuna ng'anjo yamagetsi yopyola madigiri 1,000 yoyezedwa bwino, pa mvukuto ndi makala mungotaya ndalama. Mukaitanitsa, itanitsani 1070 kapena 5160.

Loweruka likubwerali kapezeni tsamba limodzi la sipuling'i, mudule kachidutswa, muyese monga ndafotokozera. Mujambule pothyokapo pafupi, powala bwino, muike chithunzi pansi pano tione ngati ndi ufa kapena shuga.