Kwa mayi amene amuna awo akunjenjemera manja atawaika impso

Mayi, ndawerenga zimene mwalemba zija, kuti amuna anu anawaika impso ku India, mwabwerako posachedwapa, koma manja akunjenjemera mpaka tiyi kutayika, nkhope yatupa, usiku sagona, akupsa mtima ndi tizinthu tating'ono, ndipo kunyumba ena ayamba kunena kuti mapiritsi achuluka, achepetseko kapena ayeseko azitsamba. Mwafunsa ngati zimenezi zikusonyeza kuti thupi likuikana impsoyo. Inenso ndikuyenda ndi impso ya mlongo wanga, choncho ndiyankha motalikirapo, mupirire nane. Zimene ndinene pano zikuthandizeni kudziwa zokafunsa kwa dokotala wawo wa impso, osati kulowa m'malo mwake.

Poyamba mtima ukhaleko m'malo. Zambiri mwa zimene mwatchulazi zimachokera ku mankhwala. Tayang'anani pa mabokosi awo, ndikukhulupirira mupeza mayina atatu awa: tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone. Ambirife timatuluka nawo amenewa m'chipatala. Kunjenjemera manja, mutu kuwawa, kusowa tulo, dzanzi kapena kutentha m'manja ndi m'mapazi, tsitsi kuthothoka, ameneyo ndi tacrolimus. Nkhope kudzadza n'kukhala yozungulira, njala yosatha, ziphuphu, kukwiya msanga kapena kungogwetsa misozi popanda chifukwa, ameneyo ndi prednisolone. Mycophenolate amakonda kuvuta m'mimba, nseru ndi kutsekula. M'miyezi yoyambirira madokotala amapereka mlingo waukulu dala, chifukwa ndi nthawi imene thupi limalimbana kwambiri ndi chiwalo chachilendo. Miyezi ikamapita amatsitsa pang'onopang'ono, ndipo kwa ambiri manja amakhazikika, nkhope n'kuphwa. Ine pachiyambi ngakhale kusaina dzina langa kunkandivuta, koma lero ndimalemba bwinobwino.

Ngakhale zili choncho, kunjenjemerako musakusunge mumtima, kanenereni. Nthawi zina kumakhala kukutiuza kuti tacrolimus wachuluka m'magazi, ndipo akachuluka amavulaza impso yomwe akuiteteza ija. Pali kuyeza magazi kwapadera koona mlingo wake. Magaziwo amatengedwa m'mawa munthu asanamwe mapiritsi a m'mawawo, patatha maola pafupifupi 12 chimwereni a usiku. Akamwa kaye kenaka n'kukayezetsa, nambala imatuluka yokwera monama ndipo dokotala akhoza kutsitsa mankhwala pamene sipafunika. Ndiye tsiku loyezetsa mapiritsi azipita nawo m'thumba, akamwe akangochoka pa labu. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti kutsekula m'mimba kumakweza tacrolimus m'magazi. Munthu amaganiza kuti mankhwala akutuluka onse, chikhalirecho akuwunjikana, uku madzi m'thupi akutha. Kutsekula kukapitirira tsiku limodzi, imbani foni kuchipatala.

Tsopano za abale amene akuti achepetseko mapiritsi. Ndikudziwa akunena chifukwa cha chikondi, akuona munthu wawo akuvutika. Koma ayi, chonde ayi. Chitetezo cha m'thupi chili ngati galu wolusa wapakhomo amene sazolowera mlendo ngakhale mlendoyo atakhala zaka 20, ndipo mankhwalawa ndiye tcheni chake. Tcheni chikangomasuka, aluma. Impso yoyamba kuikidwa n'kugwira ntchito kwa zaka inaikidwa mu 1954 ku Boston, m'dziko la America, ndipo zinatheka popanda mankhwala otere chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana ndendende. Enafe, ngakhale impso ichokere kwa m'bale wa bere limodzi, timamwa mankhwala nthawi yonse imene impsoyo ili m'thupi. Prednisolone naye sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga lokha michere ina yofanana naye, ndipo munthu akhoza kukomoka.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti impso ikamakanidwa nthawi zambiri sipweteka. Munthu amadya nsima yake, kuseka, kupita ku ntchito, mkati zinthu zikuwonongeka. Chimene chimaulula ndi creatinine m'magazi, zinyalala zimene impso imasefa, zomwe zimachuluka impso ikayamba kufooka. N'chifukwa chake masiku oyezetsa sajombedwa ngakhale abambo akumva bwino chotani. Gulani kope, muzilembamo nambala ya creatinine ya ulendo uliwonse, mlingo wa tacrolimus, BP, shuga ndi kulemera kwawo m'mawa uliwonse. Mudziwe nambala imene creatinine wawo amakhazikikapo, kuti akayamba kukwera muone msanga. Kukanidwa kukadziwika koyambirira kumachizika nthawi zambiri. Kukachedwa, njira imabwerera ku dialysis, kusefa magazi ndi makina, ndipo inu mukudziwa kale moyo wa pa makina aja.

Pali zina zimene simuyenera kudikira nazo kuti kuche. Thupi likatentha kufika madigiri 38, mkodzo ukachepa kapena kuwotcha pokodza kapena kutuluka ndi magazi, pamene pali impso yatsopano (m'munsi mwa mimba, cham'mbali) pakamapweteka kapena kutupa, miyendo ikatupa sikelo n'kukwera kilogalamu imodzi kapena awiri mwadzidzidzi, akamabanika, mutu ukawawa kwambiri khosi n'kuuma, akamasanza mpaka mapiritsi osakhala m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwalawa amabisa zizindikiro, moti matenda aakulu amatha kubwera ndi kutentha thupi kochepa chabe. Kwathu kuno thupi likatentha timathamangira kunena kuti ndi malungo. Ayezedi malungo, koma asalekere pomwepo, ayezenso mkodzo ndi magazi. Choyezera kutentha kwa thupi mukhale nacho m'nyumba, sichidula.

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu obwera ku India amapunthwira akafika kumudzi. Ku health centre kapena ku pharmacy, wokuthandizaniyo mwina sanakumanepo ndi munthu woikidwa impso, ndipo si mlandu wake, tilipo ochepa. Ndiye inuyo mukhale pakamwa pa amuna anu. Pa tsamba loyamba la kabuku kawo ka kuchipatala palembedwe ndi zilembo zikuluzikulu kuti anaikidwa impso, ndi mayina a mankhwala onse. Mankhwala ena wamba amasokonezana koopsa ndi tacrolimus. Rifampicin, amene ali m'mapiritsi a TB, amamutsitsa kwambiri m'magazi mpaka impso kukhala yosatetezedwa. TB ikapezeka iyenera kuchizidwa ndithu, koma dokotala wa impso adziwe tsiku lomwelo kuti asinthe mlingo ndi kumayeza pafupipafupi. Erythromycin, clarithromycin ndi fluconazole amachita zosiyana, amamukweza. Ma ARV ena nawonso amasokoneza. Ngakhale a malungo, wolemba adziwe zimene abambo akumwa kale. Ndiye pali aja timangogula pagolosale thupi likaphwanya: Brufen, diclofenac, Indocid. Amenewa amachepetsa magazi opita ku impso, achotseni m'nyumba. Mutu ukawawa, Panado pa mlingo wake ndi wokwanira. Katemera wina, monga wa yellow fever ndi wa chikuku, saperekedwa kwa munthu amene chitetezo chake chatsitsidwa, choncho muzifunsa kaye. Bactrim amene mwina anawapatsa kuti azimwa kwa miyezi ingapo asamusiye poganiza kuti sakudwala. Ntchito yake ndi kutchinga chibayo china choopsa chimene chimagwira anthu a chitetezo chotsika.

Za azitsamba ndinena mosabisa. Palibe amene angakuuzeni chimene chili m'botolo lija ndi mmene chikumanirane ndi tacrolimus, ndipo mizu ina imawononga impso payokha. Aja amagulitsidwa m'tauni kuti ndi okweza chitetezo cha m'thupi ndiye oyenera kuwathawa kwambiri, popeza ife chitetezocho tikuchitsitsa dala. Manyumwa ndi juwisi wake nazonso ayi, zimakweza mankhwalawa m'magazi. Za mapemphero, pempherani ndithu, ine andinyamula ndi mapemphero a anthu. Koma wina akadzati mwachira, tayani mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, mudzakane mwaulemu. Kusala kudya ndi kumwa, kaya kuphiri kaya m'mwezi wa Ramadan, ayambe akambirana ndi dokotala, ndipo chaka choyambachi n'chosayenera.

Nkhani ya kutha kwa mankhwala ndi yowawa, chifukwa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Musadikire kuti botolo lipepuke. Yesetsani kuti nthawi zonse m'nyumba mukhale a mwezi wathunthu osakhudzidwa, ndipo muyambe kufunafuna ena akadalipo. Kadziwitseni msanga ku chipatala cha impso, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akhale m'kaundula wawo ndipo mudziwe woimbira zikavuta. Mukapeza tacrolimus wa kampani ina yosiyana ndi amene akumwa, musangosintha. Uzani dokotala kuti ayezenso magazi, chifukwa pali wina womwa kawiri patsiku ndi wina womwa kamodzi, ndipo salowana m'malo. Ikani alamu pa foni, 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku kapena nthawi ina yokuyenerani, bola isamasinthesinthe. Akaiwala, asadzamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubwezera. Pa ulendo mapiritsi azikhala m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wokwezedwa pamwamba pa basi padzuwa.

Kumbali ya zakudya, nkhani yabwino ndi yakuti malamulo ambiri a nthawi ya dialysis amamasuka, makamaka a madzi. Tsopano impso ikufuna madzi okwanira, dokotala akuuzani malita angati. Koma akhale owiritsa kapena othira WaterGuard, kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira. Nyama ndi mazira zipse bwino, mkaka wa ng'ombe uwire, zipatso zitsukidwe n'kusendedwa, ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka kubwata. Kanyenya ndi tchipisi ta m'mbali mwa msewu apumuleko kaye. Mchere uchepe, pokumbukira kuti timakyubu tokometsera ndiwo tili ndi mchere wambiri kale. Njala ya prednisolone ndi yeniyeni, musawaseke, koma tacrolimus ndi prednisolone onse amakweza shuga, ndipo ena amayamba matenda a shuga ataikidwa impso. Ndiye zakumwa zotsekemera ndi masupuni atatu m'tiyi zichepe, mbale ichuluke masamba. Nthochi, mapeyala ndi tomato wambiri zimadalira mlingo wa potassium, mchere wina wa m'magazi awo, funsani zotsatira zikatuluka.

Alendo obwera kudzazonda ndi dalitso, koma wachifuwa, wachimfine, mwana wa katsabola kapena munthu wa mashingozi adikire kaye. Nenani inuyo, abambo achita manyazi kubweza anthu. M'minibasi ndi pa mzere wa kuchipatala avale masiki. Ku maliro angathe kukapepesa masana n'kubwerako, kugona kusiwa m'chipinda chodzadza anthu ayi kwa miyezi yoyambayi. Kusesa m'khola la nkhuku kapena la nkhunda asiyire ena, m'zitosi mumakhala tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi. Neti usiku uliwonse, ndipo kusamba m'nyanja kapena m'madambo momwe muli likodzo aleke.

Thupi lenilenilo limabwerera mwakachetechete. Milungu 6 kapena 8 yoyamba asanyamule zolemera, chigubu cha madzi kapena thumba la chimanga, kuopa kuti bala lingatseguke mkati. Kuyenda pansi ndiye mankhwala abwino, pang'ono m'mawa pang'ono madzulo, kumawonjezera mtunda. Kumathandizanso tulo, pamodzi ndi kumwa prednisolone m'mawa osati madzulo. Onetsetsaninso pa makalata a ku India ngati kapaipi kamene amaika pakati pa impso ndi chikhodzodzo kanachotsedwa. Kamayenera kutuluka pakatha milungu ingapo, ndipo kakaiwalika kamabweretsa matenda a mkodzo. Za m'banja zimabwerera bala likapola, mphamvu zimabweranso, ndipo ngati mukufuna mwana kambiranani ndi dokotala kaye chifukwa cha mycophenolate. Kwa amayi oikidwa impso amene akuwerenga pano, mankhwala amenewa amalemaza mwana m'mimba, choncho kulera n'kofunika mpaka dokotala atawasintha.

Kupsa mtima kuja mbali ina ndi mapiritsi, koma mbali ina ndi mantha. Aliyense amayembekezera kuti munthu woikidwa impso azingosekerera ndi kuthokoza, pamene iye usiku akuwerenga ndalama zimene abale anasonkha, akuopa kuti impso ikalephera adzamuyang'ana bwanji amene anamupatsa. Ine zimenezo zinkandidya kwambiri ndipo sindinkauza munthu. Apatseni mpata anene osawadula ndi mawu akuti limbani mtima. Mukaona kuti sakufunanso kudya, kucheza kapena kudzuka kwa milungu, kapena ayamba kulankhula zotaya moyo, uzani dokotala mosazengereza, thandizo lake lilipo ndipo mwina ndi mlingo wa prednisolone ofunika kuunikanso. Nanunso mayi mwatopa, zikuoneka m'malembedwe anu. Pezani m'bale mmodzi wodalirika aphunzire mayina a mankhwala ndi nthawi zake, kuti tsiku lina mugoneko tulo.

Amene anapereka impsoyo musamuiwale. Maso onse amakhala pa wolandira, koma nayenso anachitidwa opaleshoni yaikulu. Aziyezetsa BP, mkodzo ndi creatinine kamodzi pachaka, ndipo Brufen uja nayenso amupewe. Sabata ino yambani ndi kuyezetsa tacrolimus, creatinine, shuga ndi potassium wa abambo, mupite ndi mabokosi onse a mankhwala, ndipo mukawauze adokotala za manjawo ndi za tulo monga mwatiuzira ife pano.