Ma instrument box a ana a sukulu alowa pa nambala iti ku kasitomu?

Achimwene, katundu wanuyo mulembetse pa 9017.20. Mutu wa 9017 ndi wa zida zojambulira ndi zoyezera, ndipo umachita kutchula protekita ndi maseti ojambulira, choncho kampasi, divayida ndi set square zili kwawo pamenepo. Manambala 6 oyambawo ndi ofanana m'maiko onse otsata HS (Harmonized System), ndondomeko ya padziko lonse yopatsira katundu manambala ku kasitomu. Otsatirawo muwaone m'buku la msonkho la MRA.

Chimasokoneza anthu ndi pensulo, labala ndi shapena za m'kachitinimo. Zikabwera pazokha, pensulo ndi 9609, labala wa mphira 4016.92, shapena 8214.10. Koma zikapakidwa limodzi kuti zigulitsidwe ngati seti imodzi, lamulo 3(b) la malamulo omasulira HS limati muyang'ane chomwe chikupatsa setiyo ntchito yake. Mwana wa Fomu 1 sagulira bokosi lija labala ayi, akufuna kampasi ndi protekita. Ndiye musaphwasule seti pa pepala.

Ine ndimaoda zolembera ku Dar es Salaam n'kudzagulitsa kuno ku Mzuzu, ndipo chomwe ndaona chikuchedwetsa anthu pa boda ya Songwe ndi invoisi yongoti "stationery". Ofisala amatsegula makatoni, inu mukuotha dzuwa. Muuzeni wogulitsayo alembe zonse za m'bokosi, ndipo makatoni a mapensulo okhaokha akhale pa mzere wawowawo.

Za kuchuluka kwa msonkho ndi VAT, zimasintha ndi bajeti, musadalire za pa WhatsApp. Ngati ndi katundu wambiri, onanani ndi clearing agent wovomerezeka kapena pitani ku ofesi ya MRA ya Mzuzu mutanyamula bokosi limodzi, musanalipire katunduyo.